Kodi ku Nkhotakota n'kuthamangira kuti? Yankho kwa mayi amene achokera ku Dedza

Mayi ena amene ndi mphunzitsi alemba kuti asamutsidwa kuchoka ku Dedza kupita ku Nkhotakota, ndipo akukhala pafupi ndi pa boma. Ku Dedza ankathamanga makilomita 10 katatu pa sabata popanda vuto, koma kuno akangothamanga makilomita 5 m'mbali mwa nyanja miyendo imalemera, mtima umagunda kwambiri, ndipo chidendene chakumanzere chayamba kupweteka, makamaka akangodzuka m'mawa. Akufunsa njira zabwino zothamangamo m'tauniyi ndi m'madera oyandikana nayo, popeza akufuna kudzachita nawo mpikisano wa makilomita 21 ku Lilongwe pakatha miyezi inayi.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi kuti simunafooke ayi. Zimene zikukuvutani ndi ziwiri, kutentha ndi mchenga, ndipo zonsezi mwakumana nazo nthawi imodzi chifukwa mwasankha gombe kukhala malo anu othamangirako tsiku ndi tsiku. Maganizo anga, monga munthu amene amaphunzitsa othamanga kuno kunyanja, ndi akuti gombe ndi malo okongola kuposa onse amene tili nawo koma ndi omwenso oipa kuposa onse pokonzekera mpikisano wa pamsewu. Njira zanu zenizeni ndi misewu yafumbi ya m'midzi imene yazungulira tauniyi, pamodzi ndi zitunda za kumadzulo, ndipo nthawi yonyamukira ndi yofunika kuposa kutalika kwa mtunda.

Ku Dedza munali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wotsika kuchokera kumapiri amayembekezera kuti apepukidwa chifukwa mpweya wa kuchigwa ndi wokwanira bwino, ndipo zimenezi n'zoona, koma phindu limenelo limamezedwa ndi kutentha. Thupi limadziziziritsa potumiza magazi ambiri kukhungu ndi potulutsa thukuta, ndipo thukutalo limaziziritsa pokhapokha likauma. Kuno mpweya umakhala ndi chinyontho chochuluka cha m'nyanja, choncho thukuta limangoyenderera mpaka m'nsapato osauma, mtima n'kumagwira ntchito ziwiri, yodyetsa minofu ya m'miyendo ndi yotumiza magazi kukhungu. Ndicho chifukwa chake ukugunda motero pa liwiro limene ku Dedza munkalitenga ngati lopumulira. Thupi limazolowera ndithu, ndipo kawirikawiri pamafunika masiku 10 mpaka 14 othamanga pang'onopang'ono m'nyengo yotentha kuti liyambe kutuluka thukuta msanga ndi kusunga mchere, koma ngakhale mutazolowera musayembekezere nthawi zanu za ku Dedza m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene masana kumatentha kupitirira madigiri 30 ndipo usiku nawo sikuzizira kwenikweni. Ngati kumtunda munkatha kilomita imodzi m'mphindi 6, kuno musadandaule zikakhala 6 ndi theka kapena 7. Muyezo wabwino ndi wakuti muzitha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga popanda kudukiza mawu ndi wefuwefu.

Pa chifukwa chimenechi nthawi yanu ndi m'bandakucha. M'miyezi yotentha dzuwa limatuluka m'nyanja itangopitirira 5 koloko, ndipo mu Juni ndi Julayi limachedwerako mpaka cha m'ma 6 koloko. Mukamva kuitana kwa kumzikiti, imeneyo ndiyo nthawi yodzuka, kumwa madzi ndi kumanga nsapato, kuti muzituluka kukangoyera mokwanira kuona pamene mukuponda. Mu Novembala muyenera kukhala mutabwerera pakhomo isanakwane hafu pasiti 6. Madzulo sindiwakonda kwenikweni, chifukwa phula ndi mchenga zimakhala zikutulutsabe kutentha kwa tsiku lonse, misewu imadzaza ndi njinga za anthu ochokera kumsika, ndipo mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa kuseri kwa zitunda.

Tsopano za mchenga, umene ndikuukayikira kwambiri pa nkhani ya chidendene chanucho. Phazi likaponda pamalo olimba, mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene umatamuka n'kubweza gawo la mphamvu zimene mwaponda nazo, ndipo ndicho chimene chimapepukitsa kuthamanga. Mumchenga wofewa phazi limatitimira, mphamvuzo zimathera pansi, akatumba n'kumakoka okha mwendo pa sitepe iliyonse, monga mmene zimakhalira munthu akamapalasa njinga yakuphwa matayala. Mphamvu zimene mumataya pa makilomita 5 a mumchenga wotere n'zofanana ndi za makilomita pafupifupi 8 a pamsewu wouma, choncho mwakhala mukuthamanga mtunda wautali kuposa umene foni yanu ikukuuzani. Chinanso, chidendene chimamira kutsika kuposa zala, zimene zimakoka mtsempha uja ndi minofu ya kuphazi mopitirira muyezo. Mukathawira pamchenga wonyowa wa m'mphepete mwenimweni mwa madzi mumapeza polimba, komano pamenepo ndi popendekeka kulowera kunyanja, moti mwendo umodzi umaponda pansi kuposa unzake ulendo wonse, ndipo bondo ndi chiuno ndi zimene zimalipira.

Musaiwalenso kuti gombe lathu ndi malo a ntchito. Nthawi imene inu mukufuna kuthamanga ndi yomweyo imene mabwato amakocheza kuchokera ku usodzi wa usiku, amayi ogula nsomba ataima ndi mabeseni awo, anyamata akukoka khoka, ena akuyanika usipa pa mathandala. Zingwe za maukonde ndi za mabwato zimakhala zitayalidwa kudutsa pamene mukupita, zina zitakwiririka pang'ono mumchenga, ndipo kulumpha ukonde wa munthu kapena kuupondaponda ndi chipongwe chimene asodzi sachilandira bwino. Mumchengamo mumakhalanso mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi osweka, ndipo pafupi ndi nyumba pamene pamagona ziweto pamapezeka matekenya, choncho maganizo othamanga opanda nsapato muwasiye. Kukula kwa gombe nako kumasintha chaka ndi chaka, monga tinaonera mu 2024 pamene nyanja inadzaza mpaka kumiza magombe ambiri ndi kulowa m'malo ogona alendo, ndiye njira imene munthu anakuuzani kuti ankadutsamo kale ikhoza kukhala ili pansi pa madzi lero. Sindikukuletsani gombe kotheratu. Chidendene chikachira, mukhoza kupitako kamodzi pa sabata kwa mphindi 15 kapena 20, pamchenga wonyowa ndi kutali ndi doko, kupita ndi kubwerera njira yomweyo kuti miyendo yonse ilandire kupendekekako mofanana.

Pali malo ena m'mbali mwa madzi amene sindingalole wothamanga wanga aliyense kufikako m'bandakucha kapena chisisira, ndiwo a mabango, a pamathiriro a mitsinje monga Kaombe ndi Bua, ndi m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Chia. Ng'ona zimabisala m'malo oterowo, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya kumtunda n'kumabwerera kumadzi kukamacha, panthawi yomwe inu mwatuluka. Munthu wopezeka pakati pa mvuu ndi madzi ake amakhala pangozi yaikulu, ndipo pa mtunda waufupi mvuu imathamanga kuposa anthu ambiri. Asodzi ndi alimi a mpunga amadziwa kumene nyamazi zaonekera posachedwa, choncho afunseni. Mudzafunanso kudziponya m'madzi mukamaliza kuthamanga thukuta lili kamukamu, koma madzi odekha a m'mabango ndi a pafupi ndi midzi ndi amene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Kasambeni kunyumba, ndipo ngati mwakhala mukulowa m'nyanja kale, kayezetseni kuchipatala, kumene mankhwala ake a praziquantel amapezeka.

Tibwere ku njira zenizenizo. Tauni yathu ndi yosavuta kuimvetsa: msewu wa M5 umadutsa kuchokera kumwera, kumene kuli Salima, kulowera kumpoto ku Dwangwa, nyanja ili kum'mawa, ndipo msewu wa M18 wopita ku Kasungu umapatuka kulowera kumadzulo kumene dziko limayamba kukwera. Njira yoyamba, yoyenera masiku a pakati pa sabata pamene mukuthamangira kusukulu, ndi msewu wochoka pa M5 kutsikira kunyanja kudzera ku mishoni ya Anglican ndi chipatala cha St Anne's mpaka kudoko kumene anthu amadikirira sitima ya Ilala. Ndi makilomita ochepa chabe, ndi wosasocheretsa, uli ndi mithunzi ya mitengo ikuluikulu ya mango, ndipo ngakhale m'mawa kwambiri mumakhala anthu, zimene n'zofunika kwa mayi wothamanga yekha. Popita mumatsetsereka pang'ono ndipo pobwera mumakwera mosazindikira, ndiye yambani modekha kuti mphamvu zitsalire zobwerera. Mukuthamanga momwemo mumadutsa pafupi ndi mkuyu umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, mfumu imene inkagulitsa akapolo kuno, m'zaka za m'ma 1860 pa nkhani ya malonda a akapolo, komanso tchalitchi cha All Saints kumene kunaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanjayi mu 1895. Inu monga mphunzitsi mudzafuna kuima n'kuona zimenezi, ndipo ndikukulimbikitsani kutero tsiku lina mukuyenda, popeza pamalopo ndi pachipatala ndi popempherera, si podutsa mothamanga. Mukabwereza msewuwu kawiri, kapena mukawonjezera timisewu ta m'mbali tolowa m'malo okhala anthu a ku Linga, mphindi 40 zimakwana bwinobwino.

Njira zimene ndimazikonda kuposa zonse, zimenenso zidzakupatseni makilomita ochuluka a mpikisano wanu, ndi misewu yafumbi ya m'midzi, kumpoto ndi kumwera kwa tauni. Dothi lake ndi lotsendereka ndi matayala a njinga ndi mapazi a anthu, lolimba mokwanira kubweza phazi koma lofewa kuposa phula, ndipo limadutsa m'minda ya chinangwa, m'mitengo ya mango ndi m'mbali mwa madambo a mpunga. M'mawa mumakumana ndi amayi opita kukavuula chinangwa cha kondowole, ana onyamula makasu ndi anyamata a kabaza opita kukadikirira anthu pamsewu, ndipo magalimoto ndi osowa. Njira zimenezi zilibe zikwangwani ndipo zimagawikana pafupipafupi, choncho musazilowe koyamba mukuthamanga. Loweruka lina masana pezani wa kabaza wodziwa dera, mumuuze kuti mukufuna njira yozungulira ya makilomita 8 kapena 10 yopanda mtsinje wowoloka, mukwere mutayatsa pulogalamu yoyeza mtunda pa foni yanu, ndipo muziloweza zizindikiro monga mjigo, sukulu, chigayo, mzikiti kapena mtengo wa mlambe. Anyamata amenewa amadziwa pamene pali mchenga wambiri chifukwa ndi pamene amatsitsa munthu n'kukankha njinga, ndipo amadziwanso makomo a agalu olusa. Poyamba sankhani njira ziwiri zazifupi zoyambira ndi kuthera pakhomo panu m'malo mwa imodzi yaitali, kuti muzitha kumwa madzi pakati ndi kuleka ngati thupi lakana.

M'midzimo muli mwambo umene wothamanga ayenera kuusunga, ndipo ndiutchule chifukwa anthu ochokera m'tauni zikuluzikulu amalakwitsa pamenepa. Perekani moni, ngakhale wa dzanja lokha, makamaka kwa akuluakulu, chifukwa anthu amene mumawalonjera tsiku ndi tsiku ndi omwe adzakutoleni mukadzagwa ndi kukuchenjezani njira ikaipa. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, dziwani kuti pali maliro, lekani kuthamanga, vulani chipewa ngati mwavala, muyende mwakachetechete mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Kankhalango kowirira kamene kali pakati pa minda musakayese njira yachidule, chifukwa kawirikawiri amakhala manda, ndipo m'midzi ya Achewa kukhoza kukhala kudambwe, kumene munthu wosavinidwa saloledwa. Za kavalidwe, kuno kuli Asilamu ambiri makamaka m'mbali mwa nyanja, ndipo ngakhale m'midzi ya Akhristu kabudula wamfupi wothina pa munthu wamayi amakopa maso ndi mawu amene simukuwafuna. Amayi ambiri amene ndimawadziwa amavala buluku lopepuka lofika m'munsi mwa mawondo ndi kasiketi kapena kabudula womasuka pamwamba pake, malaya owala otaya, n'kumanga kachitenje m'chiuno koti afunde akaima pamjigo kapena pamaliro. Ana adzakuthamangirani m'mbuyo akuseka masiku oyamba, koma zimatha mukazolowereka, ndipo poti ndinu aphunzitsi ambiri mwa iwo adzakhala akukudziwani kale.

Za M5 ndinene mosapita m'mbali kuti ndi msewu wowoloka, osati wothamangamo mtunda wautali. Ndi wopapatiza, m'malo ambiri phula linadyeka m'mphepete, milatho ina ndi yoti galimoto ndi munthu sangadutsane bwino, ndipo mumadutsa mabasi, maminibasi ndi malole olemera, kuphatikizapo onyamula shuga wochokera ku Dwangwa. Pamene palibe kuchitira mwina, thamangani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi magalimoto akubwera, valani chowala, ndipo m'makutu musaikemo zomvera nyimbo, popeza njinga zamoto ndi zakapalasa zimatulukira kumbuyo mbali iliyonse. Komabe msewuwu uli ndi ntchito kwa inu, yokufikitsani kumene kuli njira zabwino. Makilomita ochepa kumwera kwa tauni kuli akasupe a madzi otentha a Mawira, ndipo mukapitirira makilomita 10 mumayamba kupeza misewu yafumbi yopatukira kunyanja, yopita ku Sani ndi ku Nkhotakota Pottery. Misewu imeneyi ndi yathyathyathya, yamakilomita angapo uliwonse, ndipo imathera pa magombe otakasuka kumene mungapume ndi kupeza chakumwa. Kwerani minibasi kapena njinga yamoto mpaka pamphambano, muthamange kupita kunyanja ndi kubwerera kangapo malinga ndi mtunda umene mukufuna, kenaka mukwerenso pobwerera. Zimadya kandalama pang'ono, koma pa ulendo wautali wa kamodzi pa sabata ndi zoyenera.

Mpikisano wanu uli ku Lilongwe, pamalo okwera mamita opitirira 1,000, ndipo misewu ya kumeneko ili ndi zitunda zazitali zokwera pang'onopang'ono zimene zimamaliza munthu wozolowera chigwa. Zitunda zanu zili kumadzulo, m'mbali mwa M18 ndi m'misewu yafumbi yopatuka pa msewuwo, kumene magalimoto ndi ocheperako kusiyana ndi pa M5. Pezani chitunda chimene mungachikwere kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muchikwere mwamphamvu, mutsike mukuyenda kapena mukuthamanga mwapang'ono, n'kubwereza kanayi poyamba, kenaka kuwonjezera kamodzi sabata iliyonse mpaka kasanu ndi katatu. Koma msewu umenewu uli ndi malire ake kwa munthu wapansi, chifukwa kutsogolo umalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo mulinso njati, choncho mukangoona mpanda kapena chipata, bwererani. Mkatimo munthu amayenda pansi pokhapokha ali ndi mlonda wa nkhalangoyo. Ngakhale kunja kwa mpanda, m'malo owirira oyandikana ndi nkhalango mumapezeka ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, amene m'boma lino alipodi. Ntchentchezi zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu komanso ndi chinthu choyenda, ndiye kumeneko valani zoyera kapena zotuwa, ndipo mukadzatentha thupi mutalumidwa, makamaka akakuyezani malungo osawapeza, auzeni achipatala za kulumidwako. Mukapeza mpata pa tchuthi, kwerani ku Ntchisi kapena kwanu ku Dedza mukathamange masiku angapo m'mapiri kuti miyendo ikumbukire zitunda zenizeni.

Liwiro limafuna malo osalala, ndipo bwalo la mpira la pasukulu panu ndi lokwanira. Bwalo lathunthu limakhala la mamita pafupifupi 340 kulizungulira, kutanthauza kuti katatu ndi kilomita imodzi, koma mabwalo a m'masukulu amasiyana kukula, choncho liyezeni kaye ndi foni ndipo muliyendere masana kuti muone maenje ndi zitsa.

Nyengo nayo imasintha njira zimene ndatchulazi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nthawi yabwino kuposa zonse, m'mawa kumazizira bwino ndipo misewu imakhala youma, koma ndi nyengo ya mwera, umene umaomba mwamphamvu kuchokera kumwera. Pa masiku amenewo yambani kulowera kumwera mukulimbana ndi mphepo muli ndi mphamvu, kuti pobwerera izikukankhani kumsana. M'chilimwe pewani tinjira ta m'tchire topapatiza chifukwa cha chitedze, chimene chikakukhudzani pakhungu la thukuta ulendo wathera pomwepo, komanso chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Mvula ikayamba mu Disembala mpaka Epulo, njira za m'madambo a mpunga zimasanduka matope oterera ndipo timitsinje touma timadzaza m'kanthawi kochepa, ngakhale mvulayo itagwa kumapiri osati pano. Boma lino limalandira mvula yambiri, ndipo madzi osefukira a mu 2024 anaononga midzi ndi misewu ku dera la Dwangwa, choncho musawoloke madzi oyenda amene simukuona pansi pake. M'dzinja khalani pa msewu wa kudoko, pa misewu ya kumtunda yamiyala ndi pabwalo. Kukamachita ziphaliwali musakhale pagombe, pabwalo kapena pansi pa mtengo waukulu. Nthawi zina mudzaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja, zimenezo ndi nkhungu, tizilombo timene anthu kuno amagwira n'kuchita ndiwo. Sitiluma, koma mphepo ikatibweretsa kumtunda timalowa m'maso ndi m'kamwa, ndipo tsiku limenelo ndi lolowera kumadzulo.

Pa za madzi akumwa, kuno munthu akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, mwinanso kuposerapo. Mukatha kupeza sikelo, dziyezeni musananyamuke ndi mutabwerako, chifukwa kilogalamu iliyonse imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi yofunika kubwezera pang'onopang'ono m'maola otsatira. Imwani kapu imodzi kapena ziwiri musanatuluke, ndipo ulendo ukapitirira ola nyamulani botolo. Madzi okha ochuluka opanda mchere nawo amadwalitsa, ndiye pa maulendo aatali sungunulani paketi ya Thanzi ORS monga mwa malangizo ake muzimwa pang'onopang'ono, ndipo mukafika pakhomo idyani msanga, kaya phala, nthochi, mbatata kapena mpunga ndi usipa. Mkodzo wachikasu kwambiri masana ndi chizindikiro chakuti simunamwe mokwanira. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru kapena tsembwe pamene kukutentha, imani pomwepo, khalani pamthunzi, dzithireni madzi a pamjigo m'mutu ndi m'khosi, ndipo mubwerere pa kabaza. Mukaona mnzanu akuyankhula zosamveka kapena akudzandira, mumuziziritse ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala, chifukwa kutentha kotere kumapha. Popeza mwachokera kumalo ozizira kumene malungo ndi ocheperako, gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha musathamange poganiza kuti thukuta lichotsa matenda. Kayezetseni, malizani mankhwala, ndipo mupume masiku angapo mutachira musanayambirenso.

Agalu a m'midzi amathamangitsa chinthu chothawa, choncho galu akakulondolani imani, mumuyang'ane cham'mbali, mumukalipire ndi mawu amphamvu, n'kuchoka mukuyenda. Akakulumani tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15 ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale balalo likhale laling'ono. Pa njira za m'midzi ndi za kumadzulo pezani mnzanu woyenda naye. Atsikana a timu ya ntchembere mbaye pasukulu panu, anyamata a mpira kapena mphunzitsi mnzanu wokutsatirani pa njinga atanyamula madzi angakuthandizeni, ndipo nthawi zonse uzani wina pakhomo njira imene mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Miyezi inayi ndi yokwanira ngati muyamba ndi kuchiza chidendenecho. Ululu wa m'mawa pa masitepe oyamba kawirikawiri umasonyeza kuti mtsempha wa kuseri kwa chidendene kapena mnofu wa kuphazi watupa chifukwa chokokedwa. Kwa masabata awiri siyani mchenga, zitunda ndi liwiro, muzithamanga mphindi 25 mpaka 30 pa msewu wafumbi wosalala masiku atatu pa sabata, zimene zidzakupatsaninso nthawi yozolowera kutentha. Tsiku lililonse imani pa sitepe ya khonde ndi zala zokha, mukwere ndi miyendo yonse n'kutsika pang'onopang'ono ndi mwendo wopwetekawo, ka 15 maulendo atatu, malinga ululu usakhale wobaya. Yang'ananinso nsapato zanu. Ngati mukugula pa kaunjika, musakopeke ndi kukongola kwa pamwamba: ipindeni, muone ngati ikupindika pa zala osati pakati, dinikizani mphira wa kuchidendene ndi chala kuti muone ngati ukubwerera, ndipo muiike pathebulo muone ngati siyopendekeka. Kuno mapazi amatupa ndi kutentha, ndiye pakhale mpata wa chala chimodzi kutsogolo.

Ululu ukachepa, sabata yanu ikhale ya masiku anayi. Lachiwiri muzithamanga modekha pa msewu wa kudoko, Lachinayi musinthanitse zitunda za kumadzulo ndi liwiro la pabwalo sabata ndi sabata, Lachisanu kapena Lolemba mphindi 30 zopepuka m'midzi, ndipo Loweruka ulendo wautali pa misewu yafumbi ya kumwera kapena pa njira zanu ziwiri zozungulira. Ulendo wautaliwo uyambire pa makilomita 8, muziwonjezera imodzi kapena ziwiri, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo pang'ono kuti thupi lipume. Mukafika makilomita 18 kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike, mwakonzeka, ndipo masabata otsalawo ndi ochepetsa mtunda. M'mwezi womaliza ikanimo phula pang'ono, monga msewu wa kudoko ndi chigawo cha M18, kuti mapazi azolowere kulimba kwa misewu ya ku Lilongwe. Ngati pofika sabata yachinayi chidendene chikupwetekabe poyenda, kapena chatupa, lekani kuthamanga mukaonane ndi dokotala wa mafupa kapena wa mafizo, ndipo mpikisano wa ulendo uno mukalembetse mtunda waufupi m'malo mwa makilomita 21.